Nyimbo Imene Inkadukira pa Dzina

Sendezani mipando kuno, chifukwa nkhani iyi sindiinena mokweza. Inachitika ku Limbuli, kunsi kwa phiri la Mulanje, chaka chimene chiperoni chinagwa masabata atatu osaleka. Amene munakhalako kumeneko mukuchidziwa chiperoni: kamvula kosamveka padenga, kuzizira kolowa m'mafupa, ndi nkhungu yotsika m'phiri n'kudzakhala pamsika ngati nayonso yabwera kudzagula. Masana amaoneka ngati m'bandakucha. Munthu amangotulukira pamaso pako usanamve mapazi ake.

Pamsikapo panali mayi wina dzina lake Dorika Muhiwa, amene anali ndi kashopu kobenera nyimbo. Munthu ankabwera ndi foni kapena memori khadi, iye n'kumuikiramo nyimbo ndi mafilimu kuchokera mu kompyuta yake. Obena nyimbo analipo ambiri pa Limbuli, onse amuna, koma Dorika ankawaposa pa chinthu chimodzi: anali munthu wofufuza. Makasitomala akachepa, ankagula bandulo n'kulowa pa intaneti kukasaka zinthu zimene anzakewo sankaziganizira n'komwe. Ndiye anayamba kuonetsa anthu vidiyo ya nsomba za pansi pa nyanja zimene zimayaka ngati tochi. Ndiyenso anapeza phokoso la mphepo ya ku dziko lina lakumwamba, limene asayansi anajambula ndi makina awo, ndipo abambo a kabaza anaunjikana pakhomo pake kumvetsera, wina n'kunena kuti mphepo imeneyo ikuchepera ya ku Muloza. Anthu ankangoti, "Tiyeni kwa Dorika tikaone chimene watola lero."

Lachiwiri lina, chiperoni chitatha kale sabata ndi theka, Dorika anagwera pa tsamba lina la kunja limene limasunga mafilimu akalekale. Mwa chidwi chabe analemba dzina lakuti Mulanje. Panatuluka kafilimu ka mphindi zitatu, kopanda mitundu, kojambulidwa mu 1962. Munali amuna atatu atakhala pa benchi m'mphepete mwa munda wa tiyi. Wapakati, mnyamata wovala chipewa, anali ndi banjo. Pambali pawo panaima mayi wamng'ono thupi, duku kumutu, wopanda nsapato, maso ali pansi. Pansi pa filimuyo panalembedwa m'Chingerezi kuti: Fulaidoni Matewere ndi gulu lake, pamodzi ndi mayi wina wosadziwika dzina.

Banjo inayamba. Kenaka mayi uja anatsegula pakamwa, ndipo Dorika anaiwala tiyi wake pa tebulo.

*Ndathyola tiyi m'mame, dengu kumsana,*
*Ndathyola tiyi m'mame, phiri likundiona.*
*Akadzafunsa a m'tsogolo, ankaimba ndani?*
*Mudzawauze, mudzawauze, ndine...*

Pomwepo filimu inathera. Mawu anadukira m'kamwa.

Dorika anaibwereza kasanu. Anaitana mayi Nanthalo, amene ankagulitsa nanazi pakhonde la shopuyo kwa zaka zambiri, kuti adzamve nawo.

"Mawu amenewa si a masiku ano," anatero mayi Nanthalo akupukuta mpeni pachitenje. "Nanga bwanji waidula pakati?"

"Sindine ndaidula, mayi. Inathera pomwepo."

"Zoipa. Nyimbo yosamaliza imayabwa mumtima."

Dorika anaisunga mu foda yakeyake. Sanaiike m'khadi la munthu aliyense. Mukumbukire zimenezo.

M'mawa mwake kunabwera Lasitoni, bambo wa kabaza yamoto, madzi akudontha m'jekete lake.

"Achemwali, ine ndinapempha za kwaya ndi za dansi. Iyi ya mayi wothyola tiyiyu mwandiikiranji?"

Dorika anatenga khadi lija n'kulilowetsa mu kompyuta. Anawerenga nyimbo zonse imodziimodzi. Ya tiyi munalibemo. Anamubwezera akuseka, Lasitoni n'kulilowetsa mu foni yake. Inayamba ya kwaya bwinobwino, koma isanafike pakati inangoti zii, ndipo m'malo mwake munamveka banjo.

Onse awiri anayang'anana. Dorika anati mwina ndi vairasi. Lasitoni anavomera kuti mwinadi, koma potuluka anatembenuka kawiri.

Pofika Lachisanu anali atabwera anthu asanu ndi awiri ndi dandaulo lomwelo. Ena mwa iwo anabenetsa nyimbo zawo mwezi wapitawo, filimuyo isanapezeke n'komwe. Dorika anaifufuta mu kompyuta. Tsiku lotsatira anaipeza ili pamalo pake.

Kenaka msika wonse unayamba kuiimba. Sikuti anthu ankaikonda ayi, inkangotuluka yokha. Wosoka nsapato ankaing'ung'udza akukhoma misomali. Amayi a usipa ankaiimba poyala nsomba. Mlaliki wina wa pamsika anaiyamba pakati pa ulaliki n'kudzigwira pakamwa. Ndipo onse ankadukira pamalo amodzi. Munthu ukaima pakati pa msika m'nkhungu muja, unkamva mawu kuchokera mbali zonse akukwera pamodzi, *mudzawauze, mudzawauze, ndine...* kenaka msika wonse n'kungoti chete, kanthawi kokwana kupuma kamodzi. Ngakhale nkhuku za m'madengu zinkakhala chete. Kachete kameneko ndi kamene kanayamba kuopsa anthu.

Dorika ankatseka shopu yake ndi maloko awiri. Koma Lolemba potsegula anapeza pa simenti pali mapazi onyowa, ang'onoang'ono, a munthu wopanda nsapato. Anayambira pakhomo n'kukathera kutsogolo kwa kompyuta. Obwerera panalibe. M'kati monsemo munkanunkhira masamba a tiyi ongothyoledwa kumene. Anakolopa msanga anthu asanaone. Atatuluka kukataya madzi, anakweza maso n'kuona chikwangwani chake. Mawu akuti "Timabena nyimbo ndi mafilimu" analipo, penti yake yowala ngati kale. Koma pamwamba, pamene panali dzina lake, panali thabwa loyera.

"Ndi mvulayi," anatero kwa mayi Nanthalo.

"Mvula yosankha zilembo?" anafunsa mayiwo, osamuyang'ana.

Tsiku lomwelo chiphaso chake cha unzika chinasowa m'chikwama. Ndalama ndi makiyi zinali momwemo.

Choopsa chenicheni chinayamba ndi mayi Nanthalo omwewo. Anapita kuchipatala ndi chifuwa, ndipo pobwera anakhala pakhonde osayala nanazi. Nkhope yawo inali yotuwa.

"Dorika, tandiitana."

"Mayi Nanthalo."

"Eya. Ukanditchula iweyo ndikumva kuti ndi ine. Koma namwino wandifunsa dzina, ine n'kunena kuti ndine... basi. Pakamwa pangouma. Ndikulidziwa, lili pomwepa palilime, koma silikutuluka. Mpaka wachita kuwerenga m'buku langa la kuchipatala."

Sanali okha. Mphunzitsi wina anadzanena kuti ana anayi a m'kalasi mwake alephera kutchula maina awo. Lasitoni anaimitsidwa pamsewu, n'kungoima kukamwa kuli yasaa pamaso pa wapolisi. Mkwati wina analephera kudzitchula pokalembetsa ukwati kutchalitchi, akuchikazi n'kuyamba kukayika. Aliyense amene nyimbo ija inamulowa ankatha kutchula dzina la mnzake, la mwana wake, la galu wake, koma lake ayi.

Anthu akachita mantha amafuna munthu womuloza chala. Obena nyimbo anzake ndiwo anayamba kunena kuti Dorika wakatola mizimu pa intaneti kuti aziitanira makasitomala. Lachitatu tcheyamani wa msika anabwera ndi gulu la anthu kumbuyo kwake. Sanalowe. Anaima pamvula.

"Mayi Muhiwa, ife sitikuti ndinu mfiti. Koma chinthuchi chatulukira m'shopu mwanu. Pofika tsiku la msika likubwerali chikhale chitatha. Chikapanda kutha, anthu awa akuti aotcha kompyutayo, ndipo ine sindingawaletse. Inunso mudzasamuke pano."

"Ndamva," anatero Dorika. Anacheukira m'shopu. Kompyuta imeneyo ndiyo inkadyetsa ana ake awiri.

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ngati mulibe mlandu, tatchulani dzina lanu timve!"

Dorika anatsegula pakamwa. "Ndine..."

Panalibe kanthu. Zinali ngati waponda pamene amadziwa kuti pali sitepe, n'kupeza dzenje. Anthu anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, nkhungu n'kuwameza.

Tsiku limenelo anatseka msanga, cha m'ma folo koloko. Njira ya kwawo inkadutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi. Nkhungu inali yothithikana moti mizere ya tiyi inkaoneka itatu yokha, kwinako kuli mbuu. Atayenda pang'ono anaona kuti kutsogolo kwake kuli munthu: mayi wamng'ono thupi, dengu lothyolera tiyi lili kumsana. Dorika anafulumira kuti ayende naye, poti njira ya awiri siopsa. Koma akafulumira, mtunda wa pakati pawo sunkachepa. Akachepetsa liwiro, sunkakula. Anayang'ana pansi. M'matope munali mapazi ang'onoang'ono opanda nsapato, ndipo phokoso la mapazi limene ankamva linali lake lokha.

Anaima. Mayi ujanso anaima, osatembenuka.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero Dorika.

Yankho linabwera motsitsa, ndipo silinamveke ngati likuchokera kutsogoloko. Linamveka pafupi ndi khutu lake.

"Mwanditola, achemwali, koma mwandisiya panjira."

"Ndichite chiyani?"

"Kawafunseni anakweza dzanja aja."

Kamphepo kanawomba, nkhungu n'kusuntha. Pamene panaima munthu panali chitsamba cha tiyi, masamba ake akugwedera.

Dorika sanathawe. Iye mwini ankanena pambuyo pake kuti miyendo inafuna kuthawa, koma mutu unali utagwira kale mawu aja: dzanja. Anabwerera kushopu, n'kuyatsa kompyuta dzuwa lisanalowe. Anaonera filimu ija pang'onopang'ono, akuimitsa chithunzi chilichonse. Nthawi zonse m'mbuyomo maso ake ankakhala pa woimba. Tsopano anayang'ana mnyamata wa banjo. Mayi uja atangofika pa mawu akuti *mudzawauze* achiwiri, mnyamatayo anachotsa dzanja pa nsambo n'kulikweza kwa wojambula, monga munthu amene akuti basi, zakwana.

Filimu sinathe yokha. Inachita kudulitsidwa.

Asanazimitse anayang'ananso kwa mayi uja. Kale maso ake ankakhala pansi. Tsopano anali atadzutsa mutu, akuyang'ana Dorika.

Dzina la mnyamatayo linalembedwa pansi pa filimu, choncho m'mawa mwake Dorika anayamba kufunsa akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi. Wachinayi, nkhalamba yogulitsa fodya, anati, "Matewere? Alipo wina wokonza maambulera kutsidya kwa Ruo. Koma ameneyo kuimba? Ngakhale m'tchalitchi satsegula pakamwa."

Lasitoni anavomera kumutenga pa njinga yake yamoto. "Ndalama ya mafuta musandipatse," anatero. "Ndingofuna dzina langa."

Anawapeza a Matewere atakhala pakhonde, ambulera yothyoka ili pamiyendo. Anali nkhalamba yayitali, yowonda, ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Atalonjerana, Dorika anagwada pambali pawo n'kutulutsa foni.

"Anganga, ndabwera ndi chinthu choti muone."

Banjo itangolira, zala za nkhalambayo zinasiya ambulera. Anayang'ana kagalasi ka foniyo nthawi yaitali.

"Zimitsani," anatero.

Dorika anazimitsa. Galasi linada, koma nyimbo inapitirira mpaka pa *ndine*, n'kuduka.

A Matewere anayang'ana kumunda kwawo, kumene nkhungu inali itaima pakati pa nthochi. "Ndiye kuti wafika mpaka ku Limbuli," anatero. "Kuno wakhala akubwera chaka chilichonse chiperoni chikagwa. Amaima apo pa nthochipo. Sanena kanthu."

"Anali ndani, anganga?"

"Mkazi wanga woyamba. Nyimboyo anapeka yekha, akuthyola tiyi. Ine ndinangoikamo banjo. Tikapita koimba, anthu sankayang'ana ine. Ankati tiyeni tikamve mkazi wa Matewere. Zinkandiwawa, mayi. Ndinali mnyamata, wodzimva. Atabwera mzungu amene anajambula filimuyi, anafunsa maina kuti alembe. Ine ndinati lembani langa, uyu ndi mkazi wanga chabe. Iye anamva. Ndiye poimba anasintha mawu, anaikamo ndime yatsopano yoti adzitchule yekha. Nditaona kumene akulowera, ndinakweza dzanja. Mzunguyo anaganiza kuti nyimbo yatha."

"Ndiye anatani?"

"Anamaliza ndimeyo kamera itazima kale. Tinaimva anthu anayi basi. Pobwerera kunyumba sanandiyankhule. Patapita miyezi isanu anamwalira pobereka, pamodzi ndi mwanayo. Banjo ndinaipachika kudenga. Dzina lake sindinalitchulepo chiyambire tsiku la maliro. Ana anga a kwa mkazi wachiwiri sadziwa n'komwe kuti kunali munthu wotero."

Lasitoni, amene anakhala pa chitsa chapatali pang'ono, anati, "Ndiye tiuzeni dzinalo, anganga, tizipita."

Nkhalambayo inatsegula pakamwa, koma Dorika anaitsekereza.

"Ayi. Musatinong'oneze pano. Mayiwa sanafune kuti dzina lawo limvedwe ndi anthu awiri pakhonde. Anafuna liimbidwe, a m'tsogolo amve. A m'tsogolowo ndi ife, ndipo tili ku Limbuli, anthu mazanamazana, nyimbo yawo yatitsamwa pakhosi. Mawa ndi tsiku la msika. Mukaimalize kumeneko."

"Ine? Pagulu? Kuti anthu onse adziwe chimene ndinachita?"

"Inde."

"Mayi, ndakalamba. Manyazi amenewo sindingawasenze."

"Anganga, manyazi anu mwawasunga zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo sanakupheni. Ife tatha masiku ochepa chabe opanda maina, koma tatopa kale. Nanga iwowa, amene akhala opanda dzina zaka zonsezi?"

A Matewere anaika ambulera ija pansi. Kenaka anadzuka pang'onopang'ono, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi banjo yakuda ndi mwaye, yotsala ndi nsambo imodzi.

"Iwe wa njinga," anatero, "uli ndi waya wa mabuleki wakutha?"

Tsiku la msika linacha ndi nkhungu yoposa masiku onse. Anthu anadzaza ngati kale, koma ankagula ndi kugulitsa monong'ona. Ena anali atabwera ndi chigubu cha petulo, n'kuchiika poonekera pafupi ndi shopu ya Dorika. Iye anatulutsa benchi n'kuwakhazika a Matewere pakhonde. Anatulutsanso sipika yake yaikulu ndi maikolofoni kuti mawu a nkhalamba amveke patali. Atangolumikiza mawaya, magetsi anazima msika wonse.

"Mwaona?" wina anakuwa. "Sichikufuna!"

"Chikufuna," anayankha Dorika mokweza. "Senderani pafupi, mumve ndi makutu anu." Anapereka foni yake kwa Lasitoni kuti ajambule, n'kuima pa benchi. "Abale, nyimbo yatizunzayi ili ndi mwini wake. Anganga awa ndi amene anaidula mu 1962. Lero abwera kudzaimaliza."

Anthu anasendera. Mayi Nanthalo anakhala pansi kutsogolo kwenikweni, chitenje atafunda kumutu.

Zala za a Matewere zinali zouma, ndipo poyamba banjo inangolira ngati chitini. Anayesanso. Kachitatu kayimbidwe kaja kanatuluka, komwe kaja ka mu filimu, ndipo anthu anamva tsitsi likuimirira. Nkhalamba inayamba kuimba ndi mawu osasa. Pa mzere wachiwiri msika wonse unali utalowamo, poti panalibe amene akanatha kudziletsa.

*Akadzafunsa a m'tsogolo, ankaimba ndani?*
*Mudzawauze, mudzawauze...*

Ndipo Dorika, amene anaima pambali pawo, anaona dzanja lamanja la a Matewere likuchoka pa nsambo. Linkakwera lokha, nkhalambayo ikuliyang'ana ndi maso a mantha ngati si lake. Kachete kaja kanagwa pamsika. Kuzizira kunawonjezeka mpaka mpweya wa m'kamwa unayamba kuoneka. Kumbuyo kwa gulu la anthu, kumene nkhungu inathera, ena anaona ngati paima munthu wamfupi wosenza dengu. Amene anali pafupi ndi malowo anapatuka osauzidwa.

Dorika anagwira dzanja lija ndi manja ake onse awiri. Linali lozizira ndi lolimba ngati nthambi. Analikokera pansi ndi mphamvu zake zonse, n'kulibwezera pa nsambo.

"Imbani, anganga," anatero. "Akudikira."

A Matewere anatseka maso. Misozi inatsika m'makwinya. Anakhwatcha nsambo kamodzi, n'kukweza mawu kuposa mmene nkhalamba ingakwezere.

*Ndine Eneresi, mwana wa a Namakhwa,*
*Ndinabadwira ku Ruo, mawuwa ndi anga!*

Sipika ija, yopanda magetsi, inangoti thii. Kenaka munatuluka mawu a mkazi, oonda, okwera, oyera ngati madzi a m'phiri. Anatenga ndime yomweyo n'kuibwereza pamwamba pa mawu a nkhalamba. Palibe anathawa. Mayi Nanthalo ndiwo anayamba kuvomera, kenaka amayi a usipa, kenaka a kabaza, mpaka msika wonse unkaimba dzina limodzi. *Ndine Eneresi, mwana wa a Namakhwa!* Anaibwereza kasanu, kakhumi, ena akuwomba m'manja, ena akumenya zidebe. Munthu wa chigubu cha petulo uja anachikhuthulira mu thanki ya njinga ya mnzake n'kuyamba kuchiimba ngati ng'oma.

Pakati pa phokosolo mayi Nanthalo anadzuka, n'kutaya chitenje cha kumutu, n'kudzimenya pachifuwa.

"Ndine Nanthalo! Ndine Felesiya Nanthalo, wa nanazi!"

Nthungululu zinasweka. Aliyense anayamba kukuwa lake. "Ndine Lasitoni!" anatero wojambulayo, foni ikugwedera m'manja. Ana a sukulu ankalumpha akudzitchula. Anthu okhala moyandikana zaka makumi awiri ankagwirana chanza n'kumauzana maina ngati akumana lero. Dorika anayesa motsitsa kaye, yekha, kuopa dzenje lija.

"Ndine Dorika," anatero. Linatuluka losalala. Anakwera pa benchi n'kulikuwa kuti amve ndi a ku Muloza omwe. "Ndine Dorika Muhiwa, ndipo shopu iyi sindisamukamo!"

Tcheyamani wa msika anavula chipewa n'kumuwombera m'manja.

Nyimbo itatha, mawu a mu sipika anali atasiya kale, ndipo palibe anadziwa nthawi imene anasiyira. Kumbuyo kwa gulu kunalibe munthu wa dengu. Cha m'ma wani koloko nkhungu inayamba kung'ambika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu phiri linaonekera lonse, madzi akunyezimira m'matanthwe ake. A Matewere anakhalabe pa benchi, banjo ili pamiyendo, akungobwereza motsitsa kuti, "Eneresi. Eneresi." Mdzukulu wawo wamkazi, amene anawaperekeza, anagwada n'kuwafunsa kuti anali munthu wotani. Anayamba kumufotokozera, ndipo akuti anafotokoza mpaka msika unatha.

Magetsi atayaka, Dorika anaonera zimene Lasitoni anajambula. Chithunzi chinali chogwedera, koma mawu onse analowa: a nkhalamba, a msika, ndi aja a pamwamba aja. Anaiika vidiyoyo pa intaneti pamodzi ndi filimu yakale. Pasanathe sabata inali itazungulira m'mafoni a anthu ku Blantyre, ku Mzuzu, mpaka kwa abale athu a ku Joni. Makwaya anaiphunzira. Othyola tiyi anayamba kuiimba m'minda, yonse, mpaka kumapeto. Anthu a mtundu wa Namakhwa anatuluka kutsidya kwa Ruo, n'kukalambula manda amene anali atamera tchire, n'kuikapo mwala wolembedwa.

Dorika analembera eni tsamba la mafilimu akale lija, n'kuwatumizira vidiyoyo. Anayankha patapita masiku khumi. Anathokoza kwambiri, n'kunena kuti akonza mawu a pansi pa filimu yawo: tsopano palembedwa kuti nyimboyo anapeka ndi kuimba ndi Eneresi Namakhwa. Koma anali ndi funso limodzi. Katswiri wawo wa zamawu anamvetsera vidiyo yatsopanoyo, ndipo anadabwa ndi mayi amene akuimba pamwamba pa gulu, poti mawu ake akufanana kwambiri ndi a mu 1962. Kodi ndi mdzukulu wake? Anapempha dzina la mayiyo kuti nayenso amulembe, asabwereze kulakwa kwakale.

Dorika anawawerengera mayi Nanthalo uthengawo, akumasulira m'Chichewa. Mayiwo anasiya kusenda nanazi.

"Ndiye uwayankha kuti chiyani?"

Dorika anakokera kompyuta pafupi, akumwetulira.

"Ndiwauza zoona," anatero. "Dzinalo alemba kale."